Kodi Mnyamata Ayambire pa Galimoto ya Liwiro?

Pali mlandu umene ulikubvuta mabanja ambiri kuno ku Dwangwa ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo tiyesa kuti yafika nthawi yakuunena poyera. Anyamata athu ena ayamba kugwira ndalama zimene atate ao sanazigwirepo pa msinkhu wotere. Wina walowa nchito ku fakitale ya shuga, wina walandira ndalama za nzimbe za munda wa banja, wina wapindula ndi malonda a usipa, ndi wina wabwera kucokera ku Joni atasunga kanthu. Tikondwera nao, pakuti thukuta lao labala. Koma ambiri a iwo, akangolandira ciphaso ca kuyendetsa, mtima wao uthamangira ku galimoto ya liwiro, yonga Mark X, Altezza, Subaru ya injini yobangula, kapena Golf GTI, nafuna kuti imeneyo ikhale galimoto yao yoyamba. Kodi nkoyenera kutero? Ife tiyankha kuti iai; ndipo tipempha akuru a mpingo, atate ndi amai, ndi anyamata eni ace, kuti amve zifukwa zathu asanatiweruze.

Tiyambe ndi kudziwa cinthu cimene tirikunena. Opanga magalimoto ayesa mphamvu ya injini poifanizira ndi mphamvu ya akavalo. Kagalimoto konga Vitz ka injini yaing'ono kali ndi mphamvu ya akavalo ngati 70. Probox ya injini yokulirapo, imene tiiona tsiku ndi tsiku itasenza anthu ndi matumba, ipitirira 100 pang'ono. Koma Mark X ipitirira 200. Golf GTI ingathe kunyamuka pamene inaima ndi kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi ngati 7, ndiyo nthawi yonga imene nkhalamba yosenza mtolo itha pooloka mseu. Magalimoto otere anapangidwira maiko onga Japan ndi Germany, kumene kuli miseu yotakata yochingidwa, yosalowamo munthu wa pansi, kapena njinga, kapena mbuzi. Ndipo ku Germany iriko miseu imene pa zigawo zace zina lamulo siliika malire a liwiro konse. Amisiri amene anaturutsa Golf GTI yoyamba mu 1976 anali kuganiza miseu imeneyo, osati msika wa Dwangwa tsiku la malipiro.

Tsono taonani mseu wathu. Tiri nao waukuru umodzi wokha, wa M5, wocokera ku Salima, wopyola pa Nkhotakota ndi Dwangwa, nuoloka Dwambazi kunka ku Nkhata Bay. Ciyambire fakitale kugaya nzimbe mu 1979 anthu acuruka kuno koposa, ndipo onsewo ayenda mu mseu womwewo. M'miyezi ya kudula nzimbe muyenda mathirakitala ndi malole olemedwa, oyenda cokwawa. Utsi wa minda yotenthedwa uphimba maso nthawi zina. Ndi nzimbe zakugwa zigona pa phula. Muyenda a kabaza, a njinga zopalasa ndi a njinga zamoto. Muyenda ana a sukulu m'magulu, akucezerana ndi kukankhana monga acita ana. Muyenda amai onka ku cipatala ca Nkhunga atabereka makanda, ndi asodzi obwera ku nyanja mbanda kuca, maso ali tulo. Usiku muyenda njinga zopanda nyali, ndi munthu wobwera kumowa amene sadziwa pamene phula liyambira. Kwa ife mseu uwu ndiwo njira ya kumunda, ya kusukulu, ya kuchalichi ndi ya kumaliro. Ndipo asanene wina kuti mseu ukakonzedwa ndi kukuzidwa bvuto latha, pakuti phula likasalala phazi lilemera pa moto, koma ana oyenda m'mbali akhala ali pomwepo.

Tiwerenge pang'ono, monga tinaphunzira masamu kusukulu. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola iyenda mamita 28 pa sekondi imodzi. Munthu wogalamuka bwino atha sekondi imodzi, kapena kuposapo, kuyambira pamene diso lace laona mwana kufikira pamene phazi lace lagunda buleki. Ndipo m'nthawi imeneyo mamita 28 apita, galimoto isanayambe ngakhale kucepetsa. Buleki ikagwira, galimoto ya pa 50 iima patapita mamita ngati 14 pa phula louma, koma ya pa 100 ifuna mamita ngati 56. Pakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa kuima uwirikiza kanai. Ndipo mnyamata wothamanga 140, monga ena adzitama kuti acita pa malo oongoka, afuna mamita ngati 150, ndiwo utali wa bwalo la mpira ndi theka lace, kuti aime. Ikagwa mvula, kapena pakhala mcenga pa phula, kapena matayala atha, mtundawo ukula. Ndani wa ife angaone mbuzi kapena mwana usiku pa mtunda wotere?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti munthu wa pansi wogundidwa ndi galimoto ya pa 65 ali pa ngozi ya kufa yoposa kanai ya iye wogundidwa ndi ya pa 50. Lipoti lace la 2023 linawerenga kuti anthu ngati 1,190,000 afa pa miseu caka ndi caka, ndi kuti pakati pa a zaka 5 kufikira 29 palibe nthenda yakupha ambiri monga mseu. Lipoti la 2018 linayesa kuti m'dziko lathu la Malawi anthu 31 mwa 100,000 anali kufa pa mseu pa caka, pamene pa dziko lonse anali 18. Tiri ndi magalimoto ocepa koposa maiko a Azungu, koma maliro a pa mseu aticurukira ife. Ndipo ambiri a iwo amene tiwaika m'manda anali kuyenda pansi kapena pa njinga, sanagwirepo ciongolero.

Cifukwa cina ndi ici, cakuti ciphaso si dzanja. Ife a kunyanja tidziwa bwino cimeneci. Mwana wa msodzi ayamba ndi kukapa madzi m'bwato. Pambuyo pace apatsidwa nkhafi kuti apalase kufupi ndi gombe. Ndipo zipita zaka asanamkhulupirire ndi boti ya injini ndi miyoyo ya anzace usiku pakati pa nyanja. Kupalasa aphunzira m'sabata imodzi. Cimene cicedwa ndico kuzindikira mwera usanafike, kuwerenga mtambo ndi mafunde, ndi kudziwa tsiku loyenera kubwerera kumtunda cimanjamanja. Momwemonso ndi galimoto. Sukulu ya kuyendetsa iphunzitsa munthu kusintha magiya ndi kuwerenga zikwangwani. Koma ndi zaka zokha zimene zimphunzitsa kuti mpira ukagudubuzika pa mseu mwana ali pambuyo pace. Kuti minibasi ikaima, munthu aturuka kutsogolo kwace osayang'ana. Kuti lole irikudza kutaliko iri pafupi koposa umo diso linenera. Kagalimoto kofooka kamsunga woyamba kuyendetsa, pakuti akafuna kupitirira lole ya nzimbe pa malo oipa, injini imkaniza, nabwerera pambuyo. Koma galimoto ya mphamvu imuuza kuti malo alipo. Ndipo kasanu ndi kanai idzanena zoona, koma kakhumi idzanama. Ndiponso Mark X ndi Altezza zambiri zikankha ndi matayala a pambuyo, kotero kuti wina akaponda moto kwambiri pokhota, pa mcenga kapena pa phula lonyowa, mbuyo ya galimoto itsetsereka nitembenuka, ndipo dzanja losazolowera silidziwa cocita. Ku Australia, m'zigawo za Victoria ndi New South Wales, lamulo liletsa amene angolandira ciphaso kuyendetsa magalimoto a mphamvu yopitirira muyeso kufikira atatha zaka za kuyesedwa. Ngati anthu okhala ndi miseu yabwino ndi zipatala pafupi aopa cotero, nanga ife tilimbika mtima ndi ciani?

Tidziwa kuti anyamata ali nao mayankho ao, ndipo sitifuna kuwapondereza. Tiwamve limodzi limodzi.

Woyamba ati, Ndalama nzanga, ndinazikhetsera thukuta ndekha. Ndani andiuze cogula? Mwana wathu, ndalama nzako ndithu, koma mseu suli wako. Ukagula suti ya mtengo wapatali ndi kugona ndi njala, mlandu ngwako ndi mimba yako. Koma cimene upita naco pakati pa ana a eni, eni anawo ayenera kunenapo. Ndiponso uwerenge bwino. Msonkho wa kulowetsa galimoto m'dziko ukwera monga ikula injini. Injini yaikuru imwa petulo wambiri, ndipo tonse tikumbukira mizere ya pa malo omwetsera mafuta kuyambira 2022. Ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Ndipo citsulo ciri conse ca galimoto yotere cigulidwa kunja. Magalimoto awa ndi a mimba yotsika ndi matayala opyapyala; dzenje limodzi liphwanya tayala ndi mkombero wace pamodzi, ndi njira ya kumudzi kwa amako m'dzinja siipitika. Pamenepo galimoto ikwera pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku niziikira mazira m'mipando yace. Ndipo ngati ndalamazo zinacokera m'munda wa nzimbe wa banja, ulinso fizi ya mlongo wako ndi malata a nyumba ya amako zimene zakwera pa njerwapo.

Waciwiri ati, Magalimoto a mphamvu ndiwo ali ndi mabuleki abwino, ndi matumba a mpweya oteteza munthu pa ngozi; kodi sindidzakhala wosungika koposa? Pali coona m'mau awa, ndipo sitikana. Koma matumbawo asunga iye amene ali m'kati. Mwana wa pa mseu alibe thumba. Buleki yabwino siifupikitsa sekondi ija ya kuona ndi kuganiza. Ndipo magalimoto amene afika kuno, odzera pa doko la Dar es Salaam ndi cipata ca Songwe, kapena ocokera ku South Africa, ambiri anayenda kale zaka khumi kapena kuposa kwa eni ace oyamba. Ndipo mnyamata amene watha ndalama zonse pogula, pofika nthawi ya matayala agula akale. Buleki ya mtengo wapatali pa tayala lakutha iri ngati msodzi wamphamvu wogwira nkhafi yothyoka. Wofuna kusungika angathe kupeza kagalimoto kofatsa kokhala nao matumba omwewo ndi malamba omwewo, natsala nazo ndalama za matayala atsopano.

Wacitatu ati, Ine ndine wodziletsa, ndidzayenda pang'onopang'ono. Tikufunsa mwacikondi, ngati udzayenda pang'onopang'ono, ulipiriranji akavalo 200? Palibe munthu agula galimoto yotere kuti aziyenda nayo 60. Aigula cifukwa ca kulira kwace, ndi kuti anthu aceuke pamene ipita. Lero ulikunena uli wekha, m'mawa, mutu uli bwino. Koma tsiku Loweruka madzulo anzako anai adzakhala m'mipando, wina adzanena kuti ya uje inafika pa boma m'mphindi zakuti, ndi namwali amene umfuna adzakhala pambali pako. Ndipo kudziletsa kwa mnyamata wa zaka 22 kudzayesedwa pa malo pamene kulephera kamodzi kukwanira. Tiwerenga za Yehu, kuti mlonda wa pa nsanja anamzindikira ali kutali ndi kayendetsedwe kace ka misala. Ndipo masiku ano m'midzi mwathu amai azindikira galimoto ya mwana wa uje ndi kulira kwace, nathamanga kukakoka ana ao ku mseu. Kodi ndiyo mbiri imene Mkristu aifuna? Tiwerenganso za Abisalomu, mwana wa Davide, kuti pofuna kukopa mitima ya anthu anayamba ndi kudzikonzera gareta ndi akavalo, ndi anthu 50 othamanga patsogolo pace. Gareta uja sanali wa nchito. Anali wa kudzionetsa. Ndipo mathero a mnyamatayo tiwadziwa tonse.

Yankho lacinai licokera kwa makolo, ndipo ndilo litiwawa koposa. Ati, Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere m'manja. Mwambi uwu ngwabwino pa malo pace, pakuti nyanga ya nsatsi ikafota, cotayika ndi misozi ya mwana yokha. Koma galimoto siifota m'manja. Phunziro lace lilipidwa ndi mwazi, ndipo kawiri kawiri ndi mwazi wa munthu amene sanalire nyanga iri yonse. Kumbukirani kumene tikhala. Wobvulala kwambiri pa Dwangwa ayenera kunyamulidwa kunka ku cipatala ca pa boma ku Nkhotakota. Ndipo ngati wathyoka msana kapena wasweka mutu, ulendo upitirira kufikira ku Kamuzu Central ku Lilongwe, maola ambiri, mwazi uli kutayika. Pambuyo pace pali apolisi ndi bwalo la milandu, kapena ndende. Ndipo pali cina cimene woweruza sangacithetse: mabanja awiri a mudzi umodzi, a mpingo umodzi, amene ayenera kukhala pa Mgonero pamodzi, lina litaika mwana wace m'manda, ndi lina liri ndi mwana amene sagona tulo. Atate amene akanatha kunena iai, nakhala cete poopa kudana ndi mwana wace, adzanyamula gawo lace la katunduyo.

Pakuti lamulo loletsa kupha silinena za mpeni ndi nthungo zokha. Tinaphunzitsidwa m'kalasi kuti liletsanso kuika moyo wathu kapena wa mnzathu pa ngozi mwadala. Cilamulo ca Mose cinalamula womanga nyumba kuti achinge tsindwi lace, kuti wina angagwe ndi mwazi ukhale pa nyumbayo. Cinanenanso kuti ng'ombe ikapha munthu, mwini wace atacenjezedwa kale kuti igunda koma osaisunga, mlandu ukhala pa mwiniyo. Mnyamata amene atenga mphamvu yoposa dzanja lace nalowa nayo pakati pa anthu, atamva zonsezi, sangathe kunena tsiku la tsoka kuti sanadziwe. Ndipo tileke kunena pa maliro otere kuti inali nthawi yace, monga ngati Mulungu ndiye anaponda moto.

Tiri naonso mau kwa inu akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano. Mnyamata sagula galimoto yotere cifukwa ca iye yekha. Aigula cifukwa adziwa umo adzalandiridwira. M'mipingo ina, tsiku limene afika nayo, anthu aturuka kukaizinga, amkhazika kutsogolo tsiku la zopereka, nampempha kuti atsogolere mdipiti wa ukwati, kumene magalimoto apikisana ndi ana a eni alendewera m'mazenera. Mnzace amene anagula Probox yonyamulira mpunga sayang'anidwa konse. Anyamata aona zimenezi, naphunzira cimene mpingo ulemekeza. Sititsutsa kupempherera galimoto yatsopano. Koma wopemphererayo afunsenso mwini wace kuti wayendetsa zaka zingati, ndi kuti matayala ali bwanji, pakuti pemphero losatsagana ndi cenjezo lingomlimbitsa mtima m'kupusa kwace. Ndi inu makolo a ana akazi, musayese mkamwini ndi kulira kwa injini yace.

Nanga mnyamata wofuna galimoto acitenji? Sitinena kuti akhale wopanda galimoto, pakuti galimoto ndi mtumiki wabwino; yapulumutsa amai ambiri pa nthawi ya kubala, ndi kufikitsa mpunga ndi nsomba ku misika. Koma ayambe ndi yaing'ono, ya injini yofatsa, yokwera mimba pang'ono kuti ipite m'njira za kumudzi, imene amakaniko a pa Dwangwa aidziwa ndi zitsulo zace zipezeka pafupi. Aike ndalama pa matayala abwino, mabuleki, nyali, ndi inshuwalansi. Apemphe dalaivala wamkuru, wa iwo amene ayendetsa malole zaka zambiri osapha munthu, kuti akhale pambali pace miyezi yoyamba, ndipo asacite manyazi pakudzudzulidwa. Safunsa anadya phula. Ayende nayo madzinja awiri kapena atatu, usana ndi usiku, m'matope ndi m'pfumbi. Zikatha zaka zimenezo adzakhala munthu wodziwa mseu, ndipo adzasankha yekha ndi maso otseguka. Tiyesa kuti ambiri pofika pamenepo adzapeza kuti cilakolako cija cinazirala, ndi kuti ndalama zotsala zinamanga nyumba.

Ana athu, sitirikunena izi cifukwa ca nsanje, kapena cifukwa tifuna kuti mukhale monga tinakhalira ife. Tifuna kuti mutipose m'zonse, ndi kuti mudzatiike ndinu m'manda, monga kuyenera, osati ife kuika inu. Akuru anati kuthamanga si kufika. Inu atate, lankhulani ndi mwana wanu ndalama zisanatumizidwe, pakuti galimoto ikafika pakhomo mau anu adzacedwa. Inu akuru a mpingo, ikani nkhani iyi pa msonkhano wa acinyamata mwezi uno. Ndipo Ambuye asunge onse oyenda mu mseu wathu, a pa ciongolero ndi a pansi omwe.